Pepala Loyera ndi Mikate ya Mayi Veta

1. Masiku a pantoni

Masiku ano munthu akafuna kuwoloka mtsinje wa Dunarea amangokwera basi, n'kudutsa pa mlatho asanamalize n'komwe kupereka moni kwa mnzake wapampando. Ife a ku Ostroveni tinakulira pa pantoni, yowolotsa anthu ndi magalimoto. Inali yakalekale, utoto wake wobiriwira unkasupuka chaka ndi chaka, ndipo injini yake inkatsokomola ngati nkhalamba yosuta fodya. Komabe ndimaisowa, ndipo sindichita manyazi kunena.

Padoko ndi pamene panali moyo wa mudzi wathu. Madalaivala a malole ankadikira akuswa nthanga za mpendadzuwa n'kumalavula makoko paliponse. Amayi ankagulitsa nsomba zamchere ndi mavwende. Ana a sukulu ankathamangitsana pakati pa ngolo mpaka wina alire. Ine Frosa ndinkagulitsa matikiti m'kanyumba ka matabwa kamene kanagundana ndi ofesi ya bwana wa pantoni. Pakati pathu panali khoma la matabwa, lokhala ndi ming'alu. Sindinkamvetsera dala zokamba za mu ofesimo ayi, koma nanga makutu ndikanawasiya kunyumba?

Ntchito ya pa pantoni inali yosiririka. Malipiro sankachedwa, ankakupatsa jekete yofunda ndi nsapato zolimba, ndipo atsikana ankakuyang'ana kawiri. Mnyamata aliyense ankailota. Koma amene ankailota kuposa onse anali Tudorel, mwana wa Mayi Veta, mayi wamasiye amene tinkayandikana nyumba. Malemu bambo ake ankagwira ntchito yomanga zingwe pa pantoniyo, ndipo mwanayo anadziwa mfundo zonse za chingwe asanadziwe kulemba dzina lake.

2. Banga pa dzina

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, Tudorel anapusa. Iye ndi mnzake Sile anakwera chombo cha tirigu chimene chinakocheza kumunsi kwa doko, n'kuyamba kupopa dizilo ndi kapaipi. Apolisi atatulukira, Sile analumphira m'bango n'kuzimiririka. Tudorel anagwidwa chigubu chili m'manja. Atamufunsa kuti anali ndi yani, anati anali yekha. Ambirife tinkadziwa zoona zake, koma tinatseka pakamwa.

Khoti silinamutumize kundende poti kanali koyamba kupalamula. Koma dzina lake linalembedwa. Tsono kuno sulembedwa ntchito, ngakhale yosesa, osaonetsa kaziyere, pepala la kupolisi lonena ngati unapalamulapo mlandu. La Tudorel linali ndi mzere umodzi wokha, koma mzerewo unamutsekera zitseko zonse.

Kuchigayo cha tirigu anamuuza kuti abwere mawa, ndipo mawa lakelo silinafike. Kusitolo ya zitsulo, bwana anawerenga pepalalo n'kulibweza atalitsina ndi zala ziwiri. Ku kampani ya alonda anachita kumuseka pamaso. Mnyamatayo anangotsala wa maganyu. Nyengo yotentha ankasenza mavwende, nyengo yozizira ankadula bango pamadzi oundana mpaka manja kung'aluka. Ndinkamva naye chisoni ndikamuona ataima kuseri kwa malole, akuyang'ana anzake akuponya zingwe.

Chimene chinkamulimbitsa mtima ndi mawu a loya amene anamuyimira pa mlandu uja.

"Ukakhala zaka zitatu osapalamulanso, lamulo lidzafufuta dzina lako," anatero loyayo. "Pepala lidzatuluka loyera ngati la wina aliyense. Ukadzafuna ntchito, sudzakakamizidwa kuyamba kufotokoza zakale."

Tudorel anawagwira mawuwo ndi manja awiri. Kumowa anasiya kupondako. Anzake akayamba kukangana, iye ankanyamuka n'kumapita. Zaka zitatu zitakwana anawoloka kupita kutauni, ndipo pobwera anaima pazenera langa akumwetulira, makutu ali psuu.

"Azakhali a Frosa, taonani," anatero, akutambasula pepala.

Mzere uja munalibe. Ndinatuluka m'kanyumba kanga n'kumupsompsona masaya onse awiri, anthu a pamzere wa matikiti akung'ung'udza.

Mwayi wake, sabata yomweyo kunabwera bwana watsopano wa pantoni, Mayi Oprea, ochokera kutali ku Galati. Sankadziwa munthu aliyense m'mudzimo. Anamata chidziwitso pakhomo la ofesi chakuti akufuna anyamata omanga zingwe, ndipo ofuna ntchito abwere Lolemba ndi mapepala awo. Bwana wachilendo, pepala loyera. Tonse tinati basi, mwana wa Veta wapulumuka.

3. Mikate ya pachipata

Chimene sitinkadziwa n'chakuti Mayi Veta anali atalonjeza Mulungu kuti tsiku limene dzina la mwana wawo lidzayere, adzadyetsa mpingo wonse. Loweruka lonse anali pa uvuni, akuphika kolachi, mikate yoluka ngati chingwe. Fungo lake linafika mpaka kwanga. Lamulungu m'mawa anaima pachipata cha tchalitchi ndi madengu awiri, atavala mpango wawo wamaluwa umene sanauvalepo chimwalirireni amuna awo.

Kwathu mkate wa pachipata nthawi zambiri amaugawa pokumbukira akufa, ndipo sulandira chamumtima. Umaulandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, kenako n'kufunsa kuti ndi wa mzimu wa yani, kuti ukamutchule popemphera. Ife a m'mudzi tinkadziwa kale chifukwa chake, ndiye tinkangolandira n'kudutsa. Koma pakati pa anthu otuluka m'tchalitchi panali Mayi Oprea, atavala chikhoti chakuda, kachikwama kali m'khwapa. Iwo anachita monga anaphunzitsidwira kwawo.

"Mulungu alandire, mayi. Ndi wa mzimu wa yani?"

"Ayi, si wa maliro uwu!" anayankha Mayi Veta mokweza, nkhope ikuwala. "Ndi wa chimwemwe. Mwana wanga Tudorel dzina lake layera. Apolisi amufufuta m'buku mwawo!"

"M'buku mwawo?"

"Eetu. Anaba dizilo pa chombo, koma pang'ono pokha, ndi ubwana. Zaka zitatu wavutika mwana wanga, ntchito kumukana paliponse. Tsopano zatha. Ndipotu mawa akubwera kwa inu, si inu bwana watsopano wa pantoni? Mudzamuona, wamtali, wofatsa ngati bambo ake. Tengani wachiwiri, mukadyere tiyi."

Ine ndinali pambali pa Mayi Veta. Ndinawatsina pamkono mpaka ndinamva chisoni ndekha, koma mawu anali atatuluka kale. Mayi Oprea sanaseke, sanakwinyenso nkhope. Anangokulunga mikate iwiriyo m'kansalu, n'kuthokoza, n'kumapita.

Tudorel anali ataima pamasitepe a tchalitchi, ndipo anamva zonse. Chimene khoti linabisa patapita zaka zitatu, amayi ake anachiulula ndi mkate umodzi.

Kunyumba kwa Mayi Veta sikunadyedwe nkhomaliro tsiku limenelo.

"Amayi, mwandipha," anatero Tudorel, osakweza mawu. "Munthu mmodzi yekha m'mudzi muno amene sankadziwa ndi yemweyo, ndiye mwakamuuza?"

"Nanga anandifunsa, mwanangu," anayankha Mayi Veta akulira. "Ndikananama pachipata cha tchalitchi, mkate wa Mulungu uli m'manja? Ndimayesa zatha. Ndimayesa chinthu chikafufutidwa, munthu akhoza kuchinena."

Tudorel anatenga chipewa n'kutuluka.

4. Nzeru za Sile

Anakakhala pa benchi ya padoko, pafupi ndi zenera langa, poti ine Lamulungu masana ndinkagwira ntchito. Posakhalitsa Sile anatulukira, akuswa mpendadzuwa, tsitsi atalipaka mafuta. Nayenso anali ndi cholinga chokafunsira ntchito yomweyo. Pepala lake linali loyera chibadwire, poti bango silichitira umboni.

"Aise, ndamva kuti masteni ako alalikira lero kuposa ansembe," anatero akuseka. "Usade nkhawa, nkhani yake ndi yophweka. Bwanayo akakufunsa, iwe ukane."

"Ndikane bwanji, wamva yekha?"

"Wamva kwa yani? Kwa mayi wachikulire. Iwe uli ndi pepala la boma, la chidindo. Ukamuuze kuti amayi ako mutu suyenda bwino chimwalirireni bambo ako, amasokoneza nkhani. Uti amene anaba dizilo ndi msuweni wako wa kutsidya. Mlendo ameneyu akafufuza kuti? Kupolisi akamuuza kuti palibe kanthu."

"Ndinene kuti amayi anga ndi amisala?"

"Aaa, amisala ndani? Kungoti oiwalaiwala. Mawu awiri okha, amwene, jekete n'kukhala yako. Kapena ukufuna kudula bango mpaka imvi?"

Sile anamumenya paphewa n'kupita kukacheza ndi madalaivala.

5. Chenjezo la a Gavrila

Kumapeto kwa benchi yomweyo kunali a Gavrila, amene anayendetsa pantoniyo kuyambira ine ndili mtsikana mpaka maso atayamba kuwavuta. Atapuma ntchito ankabwerabe tsiku ndi tsiku kudzakhala pamenepo, ndodo ili pakati pa miyendo, n'kumadzudzula mmene anyamata akukochezera. Anthu ankayesa kuti akugona, koma madalawo sankaphonya kanthu.

"Tudorel, sendera kuno," anatero. "Ndikuuze mawu, ukawataye ngati ukufuna."

Mnyamatayo anasendera.

"Pepala limene uli nalolo ndi lako, unaligwirira ntchito. Palibe anakupatsa ulere. Lamulo linakuyesa zaka zitatu, ndipo unapambana. Amayi ako akanapanda kulankhula, ukanalowa mu ofesimo n'kuika pepalalo patebulo, osanena kanthu za kale, ndipo ine sindikanakutcha wabodza. Munthu sayenda ndi mlandu wotha pamphumi. N'chifukwa chake lamulolo analiika, kuti mwana amene anapusa kamodzi asafe ndi njala moyo wake wonse.

"Koma tsopano zasintha. Mayiyo wamva, ndipo akufunsa. Kukhala chete pamene sunafunsidwe ndi nkhani ina, kukana pamene wafunsidwa ndi nkhani inanso. Mlandu wa dizilo unali wa mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo wafufutidwa. Bodza la mawa lidzakhala la munthu wamkulu, ndipo limenelo kulibe khoti lolifufuta. Ukhoza kudikira zaka zitatu, zaka khumi, lidzakhalapobe.

"Ndipo ukuganiza kuti adzakhala mlendo mpaka liti? Mwezi usanathe adzakhala akugula nsomba kwa amayi awa, akumeta tsitsi kwa mlamu wa wapolisi amene anakugwira. Mudzi uno susunga chinsinsi, iwe waona wekha lero. Tsiku limene adzadziwe, sadzati mnyamata uja anaba kalekale. Adzati mnyamata uja anandinamiza m'maso muli gwa.

"Ine ndinayenda ndi anthu ambiri pamadzi awa. Ndinali ndi wina amene anakhalapo kundende, ndipo ndinkamusiyira chiwongolero ndikafuna kudya. Ndinalinso ndi wina wa mapepala oyera, amene ndikamufunsa ngati wamanga chingwe chakumbuyo ankati inde asanayang'ane. Ameneyo ndinamuchotsa, chifukwa tsiku lina lole ikanagwera m'madzi ndi anthu ake omwe. Pa pantoni timakhulupirira pakamwa pa munthu, mwanawe. Ukati chamangidwa, anthu makumi asanu amaponda."

Anakhosomola, n'kugogoda ndodo pansi.

"Chomaliza. Amayi ako analakwitsa, inde, pakamwa pawo m'pofulumira kuyambira ali mtsikana. Koma zaka zonsezi amene ankakupaka mafuta m'manja ukachokera ku bango ndani? Mayi ameneyo ndi amene ukamutche wosokonezeka mutu pamaso pa mlendo, kuti upeze jekete? Udzaivala, koma siidzakufunditsa."

"Nanga ndikanena zoona n'kundikana, amalume?" anafunsa Tudorel.

"Akhoza kukukana. Sindikunamiza kuti sangatero. Ndiye udzapita kwina ndi pepala lako loyera, kutauni, kumene amayi ako sagawa mikate."

Tudorel anaseka pang'ono, koyamba tsiku limenelo. Kenako ananyamuka n'kulowera kunyumba, osanena chimene wasankha. Ine mtima unali m'mwamba mpaka kunja kunacha.

6. Lolemba mu ofesi

M'mawa mwake anyamata anadzaza benchi ya padoko, aliyense ndi mapepala ake. Tudorel anabwera atavala shati yoyera ya malemu bambo ake, yomuthina m'mapewa. Sile anali pambali pake, akumunong'oneza. Dzina la Tudorel litaitanidwa, ndinauza dalaivala wina kuti adikire kaye, ndikufuna chenji. Chenji ndinali nacho.

Ndinamva mpando ukukokedwa, kenako mapepala akutembenuzidwa.

"Tudorel Baciu," anatero Mayi Oprea. "Kusambira umatha?"

"Ndimatha, bwana."

"Zingwe?"

"Bambo anga ankagwira ntchito pompano. Anandiphunzitsa."

Ndinamvanso pepala likutembenuzidwa.

"Kaziyere yako ilibe kanthu. Koma dzulo mayi wina anandipatsa mkate ndi nkhani. Sindikudziwa ngati ndinamva bwino. Mayi amene uja ali bwinobwino?"

Anachita kumutsegulira khomo la bodza, ngati kuti anamva zimene Sile ananena. Ine ndinagwira pakamwa.

"Ndi amayi anga, bwana," anatero Tudorel. "Mutu wawo uli bwino kuposa wanga. Zimene ananena ndi zoona. Ndinaba dizilo pa chombo, ndinagwidwa, khoti linandipeza wolakwa. Ndakhala zaka zitatu osapalamulanso, ndipo lamulo landifufuta. Pepalalo si lachinyengo. Koma amene anaba uja ndine ndemwe."

"Ukudziwa kuti pano tili ndi thanki ya dizilo kuseriku?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Ukudziwanso kuti panja pali anyamata ena amene sanagwidwepo ndi kanthu?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye ndikulemberenji iweyo?"

"Chifukwa ndikudziwa mtengo wake wa chigubu chimodzi, bwana. Ndaulipira zaka zitatu. Sindingaulipirenso."

Mpando unalira. Ndinasuzumira pamng'alu. Mayi Oprea anali atavula magalasi, akumuyang'ana mnyamatayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Lamulo linakukhululukira, ine ndine yani kuti ndikuzengenso mlandu?" anatero. "Dzulo ndinatsimikiza mtima kuti ukadzakana, ndidzakubweza pakhomo pomwepo. Uyambe mawa. Mwezi woyamba ndi woyeserera, ukachedwa kamodzi usadzabwerenso. Ndipo ukawauze amayi ako kuti mikate yawo ndi yokoma, koma nkhani za ogwira ntchito anga azisiyire ine."

Misozi inangoti mbwee m'maso mwanga. Dalaivala uja anagogoda pazenera, ine ndinamuuza kuti akafuna kufulumira asambire.

Tudorel anathokoza, n'kunyamuka. Anali atagwira kale chitseko pamene Mayi Oprea anamuitananso.

"Taima. Ndikufuna anthu awiri. Mmodzi wa zingwe, ndiwe. Wina azithira mafuta mu injini ndi kusunga makiyi a thanki. Ine pano sindidziwa munthu, koma iwe ndaona kuti ukafunsidwa umayankha zoona." Analoza pazenera. "Mnyamata wopaka mafuta m'tsitsiyo wandiuza m'mawa kuti ndinu abwenzi kuyambira muli ana. Pepala lake n'loyera. Tandiuza, ndingamupatse makiyi?"

Tudorel anayang'ana panja. Sile anali pa benchi, mwendo uli pamwamba pa unzake. Ataona mnzake pazenera, anamwetulira n'kumukwezera chala chachikulu.

"Ndikudikira," anatero Mayi Oprea, atagwira cholembera.